Matenda Osabwera ndi Tizilombo: Mahomoni Akasokonezeka m'Thupi la Ciweto

M'mwezi wa Novembala caka catha, tambala woyamba atangolira, lamya yanga inaitana. Anali mmodzi wa alimi amene anatsiriza maphunziro ao pano zaka zingapo zapitazo. Ng'ombe yao ya mkaka, yosakanizidwa ndi mtundu wa Jersey, imene anaitenga pa ngongole, inali itabereka mwana wacinayi dzulo lake popanda vuto. Usiku inayamba kunjenjemera ndi kudzandira, ndipo pofika mbandakuca inali itagona pansi, mutu utapindikira kunthiti, yosatha kudzuka.

"Aphunzitsi," iwo anatero, "ndaibaya kale oxytetracycline kawiri, koma palibe casintha. Ikafa iyi, ngongole ndibweza ndi ciani?"

Ndinawapempha kuti agwire makutu ake. Anali ozizira. Ndinafunsa ngati inacita ndowe usikuwo, ndipo anati sinacite. Mawere ake sanali otupa kapena otentha. Pamenepo ndinawauza kuti aleke jekeseni uja, asaimwetse kanthu, aikhazike cogonera pacifuwa ndi kuitsamiritsa ndi matumba a udzu, kenaka athamange kwa a veti akawauze kuti ng'ombe ili ndi milk fever. A veti anafika dzuwa litakwera pang'ono, nalowetsa kashiamu m'mtsempha mwapang'onopang'ono. Botolo lisanathe ng'ombe inageya, kenaka inacita ndowe, ndipo pasanapite maola awiri inaimirira n'kuyamba kunyambita mwana wake.

Ng'ombeyo inalibe kacilombo kalikonse koti oxytetracycline akaphe. Ambiri a ife tinazolowera kuganiza kuti ciweto cikadwala ndiye kuti calowedwa ndi cinthu cocokera kunja, kaya ndi nkhupakupa, njoka za m'mimba, kapena tizilombo tosaoneka ndi maso. Kawirikawiri zimakhaladi conco. Koma pali gulu lina la matenda limene limayambira m'kati mwa thupi, pamene mahomoni acepa, aculuka, acedwa, kapena sakumvedwa. Ndipo tikalondola bwino, gwero la ambiri mwa matendawa timalipeza m'kadyetsedwe ndi m'kasamalidwe kathu.

Amithenga oyenda m'magazi

Mlimi aliyense anaonapo mphamvu ya mahomoni, ngakhale amene sanamvepo dzinali. Tengani ana a ng'ombe awiri amphongo obadwa mwezi umodzi, mmodzi mumthene, wina mumsiye. Pakapita zaka ziwiri, wosathenayo amakhala ndi khosi lalikulu, linunda lotukuka ndi ukali, pamene wothenayo amakhala wofatsa, wololera goli. Burdizzo sinakhudze khosi kapena linunda, koma zonsezo zasintha, pakuti cimene cinaphedwa ndi gwero la uthenga umene unali kupita ku ziwalo zimenezo.

Caka ca 1849, Arnold Berthold wa ku Göttingen m'dziko la Germany anathena atambala ang'onoang'ono. Lipombo lao silinakule, ndipo sanali kulira mwamphamvu kapena kuthamangitsa nkhuku zazikazi. Koma ena mwa iwo atawabwezera macende m'kati mwa mimba, kutali ndi malo ake, anakula monga atambala eni-eni. Berthold anazindikira kuti uthengawo umayenda m'magazi. Caka ca 1905, Ernest Starling wa ku London anacha amithenga amenewa dzina lakuti hormone, locokera ku liu la Cigiriki lotanthauza kudzutsa kapena kufulumiza.

Mahomoni ndi timadzi tocepa kwambiri topangidwa ndi tiziwalo tina ta m'thupi. Pansi pa ubongo pali pituitary, kaciwalo kakang'ono ngati nzama, kamene kamalamulira tinzake tambiri. Pakhosi pali cithokomiro, ndipo pafupi naco pali tiziwalo tinayi tochedwa parathyroid. M'mimba muli kapamba, pafupi ndi impso pali adrenal, ndiponso pali matumba a mazira kwa zazikazi ndi macende kwa zamphongo. Maina a mahomoni ndawalemba monga mmene mumawaonera pa mabotolo a mankhwala, kuti mukawapeza m'sitolo muwazindikire.

Kagwiridwe kao ka nchito kamafanana ndi mpira uja wa m'thanki ya madzi. Madzi akatsika, mpira umatsika nao ndipo mpope umatseguka. Akadzaza, mpira umakwera n'kutseka. Momwemonso shuga, kashiamu kapena kutentha kwa thupi zikatsika, homoni imatuluka kukazikweza, ndipo zikafika pamlingo wake homoniyo imaleka. Matenda amabwera pamene thupi lasowa copangira homoni, pamene homoni yacedwa kuyankha, pamene ciwalo cotumiziridwa uthenga sicikumva, kapena pamene homoni imodzi yakana kucoka n'kutsekereza zinzake.

Ng'ombe yogwa itangobereka

Kashiamu timamdziwa monga comangira mafupa, koma ali ndi nchito ina yofulumira koposa: popanda iye minofu singagwire nchito. Miyendo, cifu, matumbo, ciberekero ndi mtima zonse zimadalira kashiamu wa m'magazi. M'magazi onse a ng'ombe yaikulu muli kashiamu wokwana pafupifupi magalamu 3 okha, pamene malita 10 a cithuwi, mkaka woyamba wacikasu uja, amatenga magalamu oposa 20. Ndiye kuti tsiku lobereka ng'ombe ya mkaka wambiri imatulutsa kashiamu woposa amene ali m'magazi ake kuwirikiza ka 7.

Cimene cimaipulumutsa ndi homoni ya parathyroid. Kashiamu akatsika, homoniyi imalamula mafupa kuti amasule wina, imalamula impso kuti zisamtaye m'mkodzo, ndiponso imadzutsa vitamini D kuti matumbo atenge kashiamu wambiri m'cakudya. Vuto n'lakuti m'miyezi imene ng'ombe yaleka kukamidwa, kashiamu wofunika amakhala wocepa, ndipo dongosolo lonseli limakhala ngati lagona. Kuti lidzuke bwino pamafunika tsiku limodzi kapena awiri, pamene mawere sadikira. M'mpata umenewo ndi mmene ng'ombe imagwera, makamaka m'masiku atatu oyamba itabereka. Ng'ombe zacikulire, kuyambira bere lacitatu, ndizo zimagwa kwambiri cifukwa mafupa ao sayankha msanga, ndipo mtundu wa Jersey umadziwika ndi vutoli. Ng'ombe zathu za Angoni sizigwa kawirikawiri popeza mkaka wao ndi wocepa. Walira mvula walira matope: amene wafuna malita ambiri adziwenso za matendawa.

Dzina lakuti milk fever limasoceretsa, pakuti thupi silitentha. Makutu amazizira, mphuno imauma, ng'ombe imaleka kubzikula ndi kucita ndowe, ndipo ikagona cammbali mimba imafufuma mpaka kuipha. Musaimwetse mankhwala kapena madzi ikakhala yofooka motere, cifukwa minofu yomezera nayonso yalefuka ndipo madziwo angalowe m'mapapo. Kashiamu wa m'mtsempha ndi nchito ya a veti, pakuti akalowa mofulumira amaimitsa mtima. Zina zimagwanso pakapita tsiku limodzi kapena awiri, conco iyang'anireni ndipo musaikame mpaka kuiumitsa m'masiku amenewo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 madokotala a ziweto anali kupopera mpweya m'mawere, ndipo ng'ombe zambiri zinali kudzuka. Cifukwa cake cinadziwika m'ma 1920: mpweyawo unali kuletsa mkaka kupangika, motero kashiamu anali kutsala m'magazi. Njira imeneyo inalekeka, ndipo musaiyese, cifukwa imalowetsa tizilombo m'mawere.

Pa kupewa ndi pamene alimi akhama amalakwira. Poganiza kuti akuthandiza, amaonjezera laimu kapena DCP m'masabata otsiriza a bere. Kashiamu akaculuka nthawi imeneyo, parathyroid imagoneratu tulo, ndipo tsiku lobereka limaipeza yosakonzeka. M'masabata atatu otsiriza musaonjezere kashiamu, ndipo ng'ombe yacikulire imene inagwapo kale isapatsidwe dairy meal wambiri wa ng'ombe zokamidwa. Cepetsaninso molasesi, cifukwa ali ndi potaziyamu wambiri amene amagonthetsa mafupa ndi impso ku uthenga wa homoniyi. Kusowa kwa magnesium kumacita cimodzimodzi, conco funsani a veti za mcere woyenera ng'ombe zoyembekezera. Ikangobereka, ipatseni kashiamu wokwanira.

Mbuzi ya mapasa m'mwezi wa Okutobala

Mbuzi imakhala ndi bere masiku pafupifupi 150. Imene yakweredwa m'Meyi kapena m'Juni, pamene cakudya cili mbwee m'minda yokololedwa, imafika masabata 6 otsiriza m'Seputembala kapena m'Okutobala, chire litapsa. M'masabata amenewo ndi mmene ana amakulira magawo awiri mwa magawo atatu a thupi limene amabadwa nalo, ndipo cakudya cao cacikulu ndi shuga wa m'magazi a make. Akakhala awiri kapena atatu amapanikizanso cifu, moti mbuziyo imalephera kudya kwambiri pa nthawi imene ikufunika kudya koposa.

Mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe sizitenga shuga wambiri mwacindunji m'cakudya monga ife. Ciwindi ndico cimawapangira shuga kucokera ku zimene zagayidwa m'cifu. Shuga akatsika, kapamba amacepetsa insulini, ndipo kucepa kwa insulini kumauza thupi kuti lisungunule mafuta ake. Pa njala ya masiku ocepa dongosololi limapulumutsa moyo. Koma ana a m'mimba saleka kukoka shuga, motero mafuta amathamangira ku ciwindi mosalekeza kufikira citalephera kuwatentha onse. Otsalawo amasanduka ma ketone amene amaononga magazi ndi kupha cilakolako ca cakudya. Mbuzi ikaleka kudya shuga amatsikiratu, mafuta ambiri amasungunuka, ndipo vuto limadzikulitsa lokha. Matendawa amachedwa pregnancy toxaemia.

Mbuzi yotere imatsalira m'mbuyo popita kubusa, imaima payokha, imakukuta mano, nthawi zina imayang'ana kumwamba ngati yakhungu, ndipo mpweya wake umanunkha ngati mankhwala ocotsera utoto wa zikhadabo. Ikafika pogona osadzuka, kuipulumutsa kumavuta. Ikadali kuyenda ndi kumeza, ipatseni masamba aawisi amene imakonda ndi madzi a molasesi, ndipo itanani a veti, amene angaimwetse propylene glycol kapena kuipatsa shuga m'mtsempha.

Kupewa kwake kumayamba pokolola. Sungani masamba ndi mitengo ya nshawa pamthunzi, tolani zipatso za msangu zikayamba kugwa, ndipo ikani gaga pambali. Mbuzi za mimba zazikulu muzizipatula madzulo n'kuzipatsa dzanja limodzi la gaga, kuonjezera pang'onopang'ono kufikira magalamu 200 kapena 300 pa tsiku. Mbuzi yonenepa kwambiri ilinso pangozi, popeza ili ndi mafuta ambiri oti asungunuke. Ng'ombe ya mkaka imakumana ndi vuto lofananalo m'masabata oyamba itabereka: imakana gaga, imaonda msanga, ndipo mkaka umatsika.

Cotupa ca pakhosi

Cithokomiro cimapanga thyroxine, homoni imene imalamulira liwiro limene thupi limatenthera cakudya, kukula kwa mwana, ndi kumera kwa ubweya. Copangira cake ndi ayodini. Nthaka ya madera a kutali ndi nyanja yamcere, yokokoloka ndi mvula zaka zambiri, kawirikawiri imakhala ndi ayodini wocepa, ndipo udzu womera pamenepo umasowanso. Thyroxine akacepa m'magazi, pituitary imatumiza uthenga wakuti cithokomiro cionjezere nchito. Cithokomiro cilibe copangira, koma uthenga suleka kubwera, conco cimangokula. Cotupa cimene timaona pakhosi ndi ciwalo cimene cakula poyesa kumvera lamulo limene sicingathe kulikwaniritsa.

Pa ziweto vutoli limaonekera kwambiri mwa ana. Make angaoneke wathanzi, koma ana amabadwa akufa, kapena ofooka, a ubweya wocepa, ndi zotupa ziwiri mbali zonse za kholingo, ndipo amafa ndi kuzizira m'masiku oyamba. Siyanitsani cotupaci ndi kutupa kwa madzi pansi pa cibwano, kofewa, kumene kumabwera ndi njoka za m'mimba, ndiponso ndi cithupsa ca mafinya cokhala mbali imodzi.

Pali zomera zina zimene zimatsekereza ayodini ngakhale alipo. Cinangwa cowawa ndi masamba ake osafotetsa, repu ndi kabici zikaculuka m'cakudya zimacita zimenezi. Lukina nayenso, ngakhale ndi cakudya cabwino kwambiri, ali ndi mimosine amene m'cifu amasanduka mankhwala olepheretsa cithokomiro, ndipo ziweto zomudya mopitirira zimathothoka ubweya. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a cakudya ca tsiku. Ziweto za bere zizinyambita mcere wokhala ndi ayodini, ndipo mcerewo usungidwe pouma ndi pamthunzi, cifukwa ayodini amauluka ukakhala padzuwa kapena pacinyontho.

Ng'ombe yosatenga bere

Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283. Kuti izibereka caka ndi caka iyenera kutenganso bere pasanathe masiku 82 itabereka. M'makola ambiri ng'ombe zimabereka kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo mlimi amataya theka la ana ndi mkaka popanda kuona ciweto cakufa.

Masiku 21 alionse mahomoni amapatsirana nchito motere. Pituitary imatumiza FSH kuti dzira likule m'kathumba kake. Kathumbako kamatulutsa oestrogen, amene amacititsa ng'ombe kulira, kukwera zinzake ndi kuima pamene zikuikwera. Kenaka pituitary imatulutsa LH wambiri nthawi imodzi, kathumba kamaphulika ndipo dzira limatuluka. Pamalo pake pamamera kanthu kacikasu kochedwa corpus luteum, kamene kamapanga progesterone, homoni yosunga bere ndi yoletsa ng'ombe kufunanso nkhunzi. Ngati bere silinakhale, pafupifupi tsiku la 17 ciberekero cimatulutsa prostaglandin, kacikasu kaja kamafota, ndipo zonse zimayambiranso.

Unyolo umenewu umaduka pamalo atatu. Poyamba ndi njala, imene ndiyo gwero lalikulu kwathu kuno. Ng'ombe yobereka m'cilimwe ili yoonda, kwinaku ikuyamwitsa usana ndi usiku, ubongo wake umacepetsa uthenga wopita ku pituitary, ndipo mazira amangokhala osakula kufikira thupi litabwerera. Palibe jekeseni amene angalowe m'malo mwa cakudya pamenepa. Ng'ombe ibereke nthiti zake zitakutidwa, ndipo mwana akakula pang'ono azipatulidwa maola ena a tsiku.

Kaciwiri, LH akalephera kutuluka mokwanira, kathumba sikaphulika koma kamakula n'kukhala cotupa ca madzi. Ng'ombe yotere imafuna nkhunzi masiku ocepa alionse popanda kutenga bere, kapena imalekeratu kufuna. Kacitatu, nsengwa ikatsalira m'mimba kupitirira maola 12 kapena 24, kapena manja osasamba akalowa pothandiza kubereka, ciberekero cingadzale mafinya. Ciberekero cotere sicitulutsa prostaglandin, progesterone amakhalabe, ndipo thupi limakhala ngati lili ndi bere pamene mulibe mwana. Mlimi amadikira miyezi 9 pacabe. Nsengwa yotsalira musaikoke ndipo musaimangirire mwala. Kumbukiraninso kuti ciberekero ndi mnofu, motero ng'ombe yocepa kashiamu ndiyo kawirikawiri imatsalira nsengwa.

Musanaweruze kuti ng'ombe siifuna nkhunzi, yambani mwaipenyetsetsa. Ng'ombe za linunda zimaonetsa zizindikiro maola ocepa, nthawi zambiri usiku kapena m'mamawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: imani pa khola mphindi 20 m'mawa ndi madzulo, ndipo lembani tsiku. Dziwaninso kuti mwana wamkazi wobadwa mapasa ndi wamphongo nthawi 9 mwa 10 sabereka, cifukwa m'mimba magazi ao amasakanikirana ndipo mahomoni a wamphongo amalepheretsa ziwalo zoberekera za mlongo wake kukula. Frank Lillie wa ku Chicago analongosola zimenezi caka ca 1916. Mwana wotere musamsungire mbeu.

Mantha amabisa mkaka

Mkaka wambiri sukhala m'nsonga za mawere, koma m'timatumba tating'ono tambirimbiri m'kati. Mwana akayamba kuyamwa, kapena mkami akatsuka mawere ndi madzi ofunda, pituitary imatulutsa oxytocin, amene pakapita pafupifupi mphindi imodzi amafinya timatumbato ndipo mkaka umatsika. Mphamvu yake imakhala mphindi 6 mpaka 8 zokha, ndiye cifukwa cake mkami wocedwa amasiya mkaka m'mawere. Ng'ombe ikaopsezedwa ndi ndodo, galu kapena phokoso, adrenal imatulutsa adrenaline, amene amapanikiza mitsempha ya m'mawere ndi kulepheretsa oxytocin kugwira nchito. Timati ng'ombe yabisa mkaka, koma siicita dala. Ng'ombe zambiri za Angoni sizitsitsa mkaka pokhapokha mwana ali pafupi. Kamani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, pamalo amodzi, mwacifatse.

Nkhawa ikakhalitsa, adrenal imatulutsa cortisol. Homoniyi imathandiza ciweto kupirira masiku ovuta, koma ikakhala pamwamba nthawi yaitali imafooketsa asilikali a m'magazi. N'cifukwa cake mbuzi zimene zayenda ulendo wautali pa lole, zopanikizana ndi zaludzu, zimayamba cifuwa ndi cibayo patangopita masiku ocepa zitafika. Tizilombo tinalimo kale m'mphuno mwao popanda kuzidwalitsa, ndipo cortisol ndiye anatitsegulira khomo. Pa cifukwa comweco, kuthena, kudula nyanga ndi kuletsa kuyamwa zisacitike tsiku limodzi.

Mahomoni a m'botolo

Masiku ano ena mwa mahomoniwa amapezeka m'masitolo a mankhwala a ziweto. M'manja mwa a veti amapulumutsa, koma ogwiritsidwa nchito mongoganizira amaononga. Prostaglandin amaciza ng'ombe ya mafinya m'ciberekero, koma akabayidwa ku ng'ombe imene ili ndi bere losadziwika, imapoloza. Mankhwalawa amalowanso pakhungu la munthu, motero amai oyembekezera ndi anthu a mphumu asawagwire. Oxytocin akabayidwa pamene mwana wagona mopingasa kapena njira isanatseguke, ciberekero cingang'ambike. Dexamethasone, amene ambiri amamkonda cifukwa ciweto cimaoneka ngati catsitsimuka msanga, amagwira nchito ngati cortisol: amafooketsa citetezo ca thupi, ndipo m'miyezi yotsiriza ya bere amapolozetsa. Safunsa anadya phula. Musanabaye ng'ombe yaikazi ciliconse ca izi, a veti ayambe aipima ngati ili ndi bere.

Mafunso atatu musanatenge jekeseni

Ciweto cikadwala, funso loyamba likhale la kutentha kwa thupi. Ng'ombe yathanzi imakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39. Matenda a tizilombo monga cigodola kawirikawiri amakweza kutentha kupitirira 39.5, ndipo cigodola cimatupitsanso anabere pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa. Matenda amene takambirana pano nthawi zambiri amasiya kutentha pamalo pake kapena kukutsitsa. Themometa yokha singagamule mlandu, pakuti ng'ombe ya matenda oopsa a m'mawere nayonso ingagone ndi thupi lozizira, koma imakuuzani koyambira. Funso laciwiri n'lakuti ciwetoci cili pa nyengo yanji ya moyo wake: kodi cangobereka, cili pafupi kubereka, kapena cangobadwa? Lacitatu n'lakuti cakhala cikudya ciani masabata atatu apitawa. Mayankho atatuwa mukawauza a veti pa lamya, adzadziwa mankhwala oti anyamule asananyamuke.

Thupi lathu limayendanso ndi amithenga omwewa. Cotupa ca cithokomiro mwa anthu cimayamba monga mwa mbuzi, ndiye cifukwa cake lamulo la dziko lathu limafuna kuti mcere wodya ukhale ndi ayodini. Matenda a shuga amabwera pamene kapamba sakupanga insulini wokwanira, kapena pamene thupi laleka kumumva. Frederick Banting ndi Charles Best anapatula insulini ku Toronto caka ca 1921, ndipo amene anayamba kupatsidwa odwala caka cotsatira anacokera m'kapamba wa ng'ombe. Amene mwa inu akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi usiku, akuonda popanda cifukwa kapena ali ndi cilonda cosapola, apite ku cipatala akapimitse shuga, monga mmene akanathamangira ng'ombe yao itagwa.

Mlimi uja wa ng'ombe ya Jersey anabwera kudzationa m'mwezi wa Epulo. Ng'ombe inatenganso bere, ndipo tsiku loyembekezera kubereka analilemba m'kabuku pamodzi ndi tsiku loleka kukama ndi tsiku losintha cakudya. Anagulanso themometa. Tsopano pamene mukukolola, ndi nthawi yabwino yakuti aliyense awerenge ziweto zake za bere, alembe mwezi umene zidzabereka, ndi kuona ngati masamba a nshawa ndi gaga zimene wasunga zidzafika m'Okutobala. Ophunzira a caka cino mubwere ndi mabuku anu a m'khola pa phunziro la sabata yamawa, kuti tidzawerengere pamodzi masiku a ng'ombe iliyonse.